Khomo liti lolowera ku yunivesite yakunja: America, Britain, Germany kapena sikolashipu ya boma?

Mtsikana wina amene ndinkamuthandiza kufunsira malo ku yunivesite anabwera ndi kope lake. Patsamba loyamba anali atalembapo mayina a mayunivesite 12, onse otchuka, ena atawazunguliza ndi cholembera chofiira. Mayeso ake omaliza a ku sekondale anali atakhoza bwino zedi, ndipo zoti mutu wake umagwira sindinkakayika. Ndinamufunsa mafunso awiri okha. Adzalipira ndani? Nanga satifiketi yakoyi, kumeneko amaiwerengera kuti ndi yokwanira? Anakhala duu kwa kanthawi, akutembenuza kope lija m'manja. Palibe amene anali atamufunsapo zimenezi.

Mafunso awiriwa ndi amene amamusankhira munthu njira, dzina la dziko limabwera pambuyo. Ndaona ana anzeru akutaya chaka chathunthu, pamodzi ndi ndalama za mafomu zimene makolo anachita kukongola, chifukwa chogogoda pa khomo limene silikanatseguka ngakhale akanakhala ndi magiredi otani. Zimandiwawa, chifukwa pambali pomwepo panali khomo lina limene akanalowa.

Tiyambe ndi satifiketi, poti ndi pamene ambiri amapunthwa ulendo usanayambe n'komwe. Mayiko sawerenga zaka za sukulu mofanana. Mwana wa ku England amalemba GCSE ali ndi zaka 16, kenako amawonjezera zaka ziwiri za A Level, ndipo yunivesite imayang'ana zotsatira za zaka ziwiri zomalizazo. Ngati satifiketi ya kwanu amaifanizira ndi GCSE, ndiye kuti mwatsala ndi sitepe imodzi, kaya munakhoza bwanji. Sitepeyo mungaikwere polemba A Level kapena International Baccalaureate, pochita chaka chokonzekera chimene amachitcha foundation year, kapena poyamba mwaphunzira kaye pa yunivesite ya kwanu. Germany ili ndi nkhokwe ya pa intaneti yotchedwa anabin, mmene analembamo dziko ndi dziko, satifiketi ndi satifiketi, ndi chimene iliyonse imakuloleza. Ku South Africa amafuna chikalata cha matriculation exemption, chotsimikizira kuti maphunziro anu akufika pa mlingo wawo. America ndiye saumitsa kwambiri khosi pa nkhaniyi. Iwo amafuna kuona kuti munamaliza sekondale komanso mmene munkakhozera m'zaka zitatu kapena zinayi zomaliza. Kufufuza zimenezi sikulira ndalama, ndi ntchito ya madzulo amodzi. Chitani musanalipire fomu iliyonse.

America ndi kumene fizi imaopsa kuposa pafupifupi kwina kulikonse, komanso ndi kumene mwana wanzeru wa pa banja losauka angatenge digiri yoyamba osatulutsa kalikonse m'thumba. Zonse ziwirizi n'zoona. Pa mayunivesite akuluakulu omwe si a boma, fizi, malo ogona ndi zofunika zina zimapitirira madola 80,000 pachaka. Koma sukulu zomwezo ndi zolemera kwambiri, moti zina zimalipirira wophunzira ndalama zonse zimene banja lake silingakwanitse. Harvard, Yale, Princeton, MIT, Amherst, Dartmouth ndi Bowdoin zili m'kagulu kochepa ka sukulu zimene posankha ophunzira, ngakhale akunja, sizisuzumira m'thumba mwawo. Zikakusankhani, ndiye zimawerengera zimene makolo anu angathe, zotsalazo n'kukwaniritsa zokha. Vuto ndi kuchepa kwa khomo. Ku Harvard, mwa anthu 100 alionse ofunsira malo, osankhidwa safika asanu. Sukulu zina zambiri zimathandiza ndithu, koma zimayang'ana kuti mukupempha zingati, ndipo mukapempha zonse mwayi umachepa.

Anthu amathamangira mayina akuluakulu aja n'kuiwala makoleji ang'onoang'ono amene sadziwika kunja kwa America koma ali ndi ndalama zothandizira alendo. Berea College ya ku Kentucky, mwachitsanzo, silipiritsa fizi wophunzira aliyense, ndipo onse amagwira ntchito pa sukulupo maola angapo pa mlungu. Ponena za makoleji a zaka ziwiri aja otchedwa community college, n'zoona kuti ndi otchipirako ndipo munthu amatha kusamukira ku yunivesite akamaliza, koma thandizo la alendo ndi lochepa kwambiri. Amenewo ndi a munthu amene ali nazo kale zolipira.

Kafunsidwe ka malo ku America n'kolemetsa. Sukulu zoposa 1,000 zimagwiritsa ntchito fomu imodzi ya pa intaneti, Common App, ndipo mungaitumize ku sukulu zosapitirira 20. Pamafunika zotsatira za kusukulu, makalata a aphunzitsi okuchitirani umboni, mndandanda wa zimene mumachita mukatuluka m'kalasi, ndi chimangirizo cha mawu osapitirira 650 chonena za inuyo. Sukulu zambiri zimawonjezera timafunso tawo pamwamba. Wofuna thandizo amadzazanso fomu ya chuma cha makolo, kawirikawiri CSS Profile. Mayeso olowera ku yunivesite a SAT kapena ACT anali atayamba kusiyidwa nthawi ya mliri wa Covid-19, koma MIT inawabwezeretsa mu 2022, ndipo Dartmouth, Yale, Brown ndi Harvard zinalengezanso zomwezo mu 2024. Ine ndimalangiza mlendo aliyense kuti awalembe ngati angathe, chifukwa osankhawo sukulu yanu saidziwa, koma SAT amaidziwa.

Pa chimangirizo paja ndiimepo pang'ono. Mtsikana wa kope uja poyamba analemba zimene aliyense amalemba, zoti akufuna kudzatukula dziko lake ndi kuthandiza ovutika. Sanali kunama, koma mawu amenewo osankha amawawerenga kambirimbiri pa tsiku. Tikucheza, anatchula mongodutsa kuti kwa zaka zitatu ndiye ankalemba m'kabuku mankhwala a agogo ake, nthawi yomwera ndi mmene agogowo ankadzukira, mpaka anazindikira yekha kuti chizungulire chinkabwera akamwa mapilisi awiri ena pa nthawi imodzi, n'kukawauza adokotala. Ndinamuuza kuti, "Iwe, nkhani yako ndi imeneyi." Anadabwa, poti kwa iye inali ntchito wamba ya pakhomo.

Nthawi yake: ambiri amatumiza kumayambiriro kwa Januwale. Palinso njira yotumiza msanga mu Novembala, ndipo ina mwa izo, Early Decision, ndi lonjezo loti akakusankhani mupita komweko. Wodalira thandizo aganize kawiri asanadzimange chonchi, chifukwa sadzakhala ndi mpata woyerekeza zimene sukulu zosiyanasiyana zikumupatsa. Uphungu waulere ulipo ku EducationUSA, nthambi ya boma la America imene ili ndi maofesi m'mayiko ambiri.

Kupeza malo si mapeto. Sukulu imakutumizirani fomu ya I-20 yotsimikizira kuti yakulandirani, mumalipira madola 350 a SEVIS, kaundula wa boma wa ophunzira akunja, kenako mumakaonekera ku ofesi ya kazembe pa viza ya F-1. Kucheza kwake n'kwa mphindi zochepa, mutaimirira pa windo, ndipo lamulo lawo limayamba ndi kukuganizirani kuti mukufuna kukakhazikika, mpaka inuyo muwatsimikizire kuti mudzabwerera. Komanso kuyambira mu Juni 2025 boma la America linatsekereza nzika za mayiko ena, ophunzira omwe, ndipo mndandanda wake umasintha. Musanawononge chaka pa SAT ndi zimangirizo, onani kaye ngati pasipoti yanu ikuloledwa.

Britain imafunsa funso lina. America amafuna kudziwa kuti ndinu munthu wotani, pomwe Britain amafuna kudziwa phunziro limene mukufuna ndi umboni woti mungalithe. Mumasankhiratu kuti ndi zamalamulo, zachuma kapena uinjiniya, ndipo kusintha mutayamba n'kovuta. Zonse zimadzera ku UCAS, bungwe lolandira mafomu ofunsira malo m'mayunivesite a kumeneko. Malo osankha ndi asanu basi, ndipo kalata yofotokoza chifukwa chimene mukufunira phunzirolo ndi imodzi, ya zilembo zosapitirira 4,000, yopita konse. Oxford, Cambridge ndi maphunziro a udokotala amatseka pa 15 Okutobala, ndipo simungafunsire Oxford ndi Cambridge chaka chimodzi. Enawo amatseka mu Januwale. Ubwino wake ndi woti zinthu zili poyera. Yunivesite imalemba magiredi amene ikufuna, ndipo mukawakwanitsa, mwayi ndi waukulu ndithu pa sukulu zambiri. Digiri yoyamba ndi zaka zitatu ku England, zinayi ku Scotland.

Koma ndinene mosabisa: pa digiri yoyamba, Britain ndi njira ya banja limene lili ndi ndalama. Fizi ya alendo imayambira pamwamba pa mapaundi 11,000 kufika kupitirira 30,000 pachaka, udokotala ndiye umaposa apo. Masikolashipu ambiri amene mumawaona pa masamba a mayunivesite amangochotsako kagawo ka fizi. Munthu akakuchotserani mapaundi 3,000 pa 20,000, wakuthandizani ndithu, koma phiri likadali pomwepo. Pamwamba pake pali ndalama ya viza ndi ya chipatala, mapaundi 776 pa chaka chilichonse cha maphunziro, yolipiriratu yonse musananyamuke.

Pa viza ya Britain pali lamulo limene lagwetsa anthu amene ndalama anali nazo. Yunivesite ikakupatsani nambala ya CAS yotsimikizira kuti yakupatsani malo, muyenera kuonetsa kuti fizi ya chaka choyamba ndi ndalama zodyera miyezi mpaka 9 zakhala mu akaunti masiku 28 otsatizana, osatsikako ngakhale tsiku limodzi. Akauntiyo ikhale yanu, ya mkazi kapena mwamuna wanu ngati ali kale ku Britain kapena akufunsira viza limodzi nanu, kapena ya kholo, osati ya amalume kapena bwenzi la banja. Mnyamata wina amene ndimamudziwa anakanizidwa chifukwa bambo ake anatapamo pang'ono pakati pa mwezi kuti alipire katundu wa bizinesi, m'mawa mwake n'kubwezeramo zonse. Pa sitetimenti panangooneka mzere umodzi wotsika. Mzere umodziwo unadya ndalama ya viza ndi miyezi ingapo.

Germany ndi njira imene ndimalakalaka anthu ambiri akanaidziwa, ngakhale nayo ili ndi matope ake. Mayunivesite ambiri a boma salipiritsa fizi, kwa mwana wa m'dzikomo ndi mlendo yemwe. Mumangopereka mayuro mazana ochepa pa semesita, ndipo m'malo ambiri tikiti ya basi ndi sitima imakhala momwemo. Pali opatuka awiri oti muwadziwe. Chigawo cha Baden-Württemberg chimalipiritsa ochokera kunja kwa European Union mayuro 1,500 pa semesita kuyambira 2017, ndipo Technical University of Munich inayamba kulipiritsa alendo mu 2024. Mafomu a sukulu zambiri amadzera ku uni-assist, bungwe limene limaunika mapepala a alendo. Masiku otsekera odziwika ndi 15 Julayi kwa oyamba chakumapeto kwa chaka ndi 15 Januwale kwa oyamba cha mu Epulo, ngakhale maphunziro ena amatseka msanga.

Walira mvula walira matope. Maphunziro ambiri a digiri yoyamba amaphunzitsidwa m'Chijeremani, ndipo amafuna mayeso a TestDaF kapena DSH pa mlingo woti mungamve pulofesa akufotokoza fizikisi, osati wongopatsana moni. Kwa munthu woyambira pansi, imeneyo ndi ntchito ya chaka kapena kuposa, akulimbikira tsiku ndi tsiku. Ngati anabin ikusonyeza kuti satifiketi yanu siikwana, mumadzera ku Studienkolleg, sukulu yokonzekera ya chaka chimodzi imene ili ndi mayeso olowera ndi omalizira. Kwa ochokera m'mayiko ena ngakhale ku Studienkolleg komweko salowa asanaphunzireko pa yunivesite ya kwawo. Kenako pali akaunti yotsekedwa. Kuti mupeze viza mumaikamo ndalama zodyera chaka chonse, zimene kuyambira mu Seputembala 2024 anaziika pa mayuro 11,904, ndipo banki imakutulutsirani 992 pamwezi. Choncho "kwaulere" sikutanthauza kuti mupita chimanjamanja. Komabe yerekezani: ndalama zimenezi ndi zodyera inu mwini ndi kulipira lendi, pomwe ku Britain ndalama ngati zomwezo zimathera pa fizi musanagule ndi bulangete lomwe. Wophunzira amaloledwa kugwira ntchito masiku 140 athunthu pachaka, ndipo akamaliza amapatsidwa miyezi 18 yofunafuna ntchito. Kwa banja limene lingasonkhanitse ndalama za chaka chimodzi kapena ziwiri, ndi mwana wosaopa chinenero chatsopano, ine ndimaiika Germany patsogolo pa Britain.

Musadalire nkhani zakale zoti m'mayiko a kumpoto kwa Ulaya maphunziro ndi aulere. Sweden inayamba kulipiritsa alendo mu 2011, Finland mu 2017, Norway mu 2023. France idakali yotsikirako, pafupifupi mayuro 3,000 pachaka pa digiri yoyamba m'mayunivesite a boma, kudzera ku Campus France, bungwe la boma lothandiza ophunzira akunja, koma Chifalansa chimafunika.

Canada inali loto la ambiri chifukwa munthu akamaliza amatha kupatsidwa chilolezo chogwira ntchito mpaka zaka zitatu. Zinthu zinasintha mu Januwale 2024, pamene boma linaika malire pa chiwerengero cha ophunzira akunja, n'kukweza ndalama zodyera zofunika kuonetsa kuchoka pa madola a ku Canada 10,000 kufika pa 20,635, ndipo zakweranso kuchokera apo. Fizi ndi yokwera, thandizo pa digiri yoyamba ndi lochepa. Sikolashipu ya Lester B. Pearson ya ku University of Toronto imalipira zonse, koma imatenga anthu ochepa kwambiri, ndipo sukulu yanu ya sekondale ndi imene imakusankhani kaye.

Mawu amodzi amene ndimawamva kawirikawiri ndi akuti, "Bola ndikafike, ndizikagwira maganyu n'kumalipira ndekha." Chonde musamange ulendo pa mawu amenewa. Ku Britain wophunzira amaloledwa maola 20 pa mlungu sukulu ikamayenda. Ku America ndi maola 20 omwewo, koma pa sukulu pokha m'chaka choyamba. Ku Canada ndi 24. Maola amenewo angathandize pa lendi ndi zofunika za tsiku ndi tsiku, koma fizi sangaikhudze. Ndipo mukapitirira malire mwaswa lamulo la viza, zimene zingakubwezeni kwanu digiri ili pakati.

Tsopano kwa amene alibiretu womulipirira koma akufuna digiri yoyamba kunja, khomo lenileni nthawi zambiri si yunivesite, koma boma la dziko lina. Japan ili ndi sikolashipu ya MEXT, yofunsira kudzera ku ofesi ya kazembe, yokhala ndi mayeso olemba, ndipo wosankhidwa amayamba ndi chaka chophunzira Chijapanizi. Turkey ili ndi Türkiye Bursları, yotsegulidwa mu Januwale ndi Febuluwale, imene imalipira fizi, malo ogona, ndege ndi ndalama za pamwezi, kuphatikizapo chaka cha chinenero, koma pa digiri yoyamba amafuna wosakwana zaka 21. Hungary ili ndi Stipendium Hungaricum, yotseka pakati pa Januwale, ya nzika za mayiko amene anasainirana nayo pangano, ndipo boma la kwanu liyenera kukuvomerezani. China, South Korea ndi India nazo zili ndi zawo. Kwa achinyamata a mu Africa palinso Mastercard Foundation Scholars Program, imene si ya boma, koma imalipira zonse pa mayunivesite monga Cape Town, Pretoria, Makerere ndi Ashesi ya ku Ghana, ndipo mumafunsira pa yunivesite yomweyo.

Njira iyi ili ndi mtengo wake umene si wa ndalama. Nthawi zina simusankha nokha mzinda kapena yunivesite. Ndalama za pamwezi m'mapologalamu ena n'zongokwanira kupuma. Chaka choyamba cha chinenero chimakhala chosungulumwa, munthu wamkulu n'kumalankhula ngati mwana wa zaka zitatu pa shopu. Ndipo funso limene ambiri amalifunsa atabwerera kale n'lakuti: kodi digiriyi kwathu aivomereza? Makamaka pa udokotala, unamwino, zamalamulo ndi uinjiniya, funsani bungwe loyang'anira ntchitoyo m'dziko limene mukufuna kudzagwiramo ntchito musanakwere ndege. Sukulu ya udokotala ikhale yolembedwa mu World Directory of Medical Schools, ngakhale kulembedwamo pakokha sikukwanira. Ganiziraninso za bata la dzikolo. Nkhondo itabuka ku Ukraine mu Febuluwale 2022, ophunzira akunja masauzande ambiri, ochuluka a iwo a udokotala, anathawa maphunziro ali pakati, ena opanda ngakhale pepala losonyeza zimene anali atakhoza.

Tisaiwalenso kuti kunja sikutanthauza kutsidya kwa nyanja kokha. Dziko loyandikana nalo likhoza kukhala ndi yunivesite yabwino, ulendo wapafupi ndi viza yosavuta. Mayiko ena anagwirizana zochepetserana fizi, monga a SADC, amene pangano lawo la maphunziro la 1997 limati ophunzira a m'chigawochi azitengedwa ngati a m'dziko momwemo pa nkhani ya fizi. N'chifukwa chake mayunivesite ambiri a ku South Africa amawalipiritsa mochepa kusiyana ndi alendo ena, ngakhale amawonjezerapo kandalama koyendetsera mapepala.

Nanga ma ejenti? Alipo oona mtima, ndipo amathandiza kudzaza mafomu ndi kukumbutsa masiku. Koma dziwani mmene amapezera ndalama. Ambiri amalandira komishoni kuchokera ku sukulu imene akutumizaniko, choncho amakukankhirani kumene kuli phindu lawo, ndipo za sikolashipu yolipira zonse kapena yunivesite yaulere ya ku Germany sangakuuzeni, poti kumeneko palibe chawo. Palibe chimene ejenti amachita chimene inu simungachite nokha pa webusaiti ya yunivesite. Amene akukulonjezani kuti viza ndi yotsimikizika, kapena kuti akubwerekani sitetimenti ya ku banki, muthaweni. Mu 2023 ophunzira ambiri ochokera ku India anaopsezedwa kuti athamangitsidwa ku Canada zitadziwika kuti makalata owaitanira ku sukulu, amene anawapeza kudzera mwa ejenti zaka zingapo m'mbuyomo, anali achinyengo. Ku Britain, kupezeka ndi pepala labodza kungakutsekereni khomo zaka 10. Dzina limene limadetsedwa ndi lanu, ejenti amangotseka ofesi. Ngati mwasankha kumugwiritsa ntchito, imelo ndi pasiwedi zikhale m'manja mwanu, ndipo fizi izipita ku akaunti ya yunivesite, osadzera mwa iye.

Njira imene ndimaikhulupirira kwambiri ndi imene achinyamata safuna kuimva: kutenga digiri yoyamba kwanu kapena pafupi, kugwira ntchito zaka ziwiri, kenako n'kupita kunja pa digiri yachiwiri. Chifukwa chake ndi chakuti ndalama zambiri zothandizira alendo zinaunjikidwa pa masitazi ndi PhD. Britain yomwe ija, youma manja pa digiri yoyamba, ili ndi Chevening, imene imalipira zonse pa masitazi ya chaka chimodzi. Imafuna munthu amene wagwirapo ntchito zaka ziwiri, maola 2,800, ndi lonjezo lobwerera kwawo kwa zaka ziwiri akamaliza. Ilinso ndi masikolashipu a Commonwealth, Rhodes ku Oxford ndi Gates ku Cambridge. Germany ili ndi masikolashipu a bungwe la DAAD, ndipo masitazi ambiri kumeneko amaphunzitsidwa m'Chingerezi, motero vuto la chinenero ndi la Studienkolleg limachoka. European Union ili ndi Erasmus Mundus, mmene wophunzira amayenda m'mayiko osachepera awiri ndipo amalandira mayuro 1,400 pamwezi. America ili ndi Fulbright, Australia ili ndi Australia Awards. Pa PhD ndiye zinthu zimatembenukiratu. Ku America mapologalamu ambiri amakuchotserani fizi n'kumakulipirani pothandiza kuphunzitsa kapena kufufuza, ndipo ku Netherlands, Sweden, Denmark ndi Norway wochita PhD kawirikawiri amakhala wolembedwa ntchito, wa malipiro ake pamwezi.

Ndikudziwa kuti kwa munthu wa zaka 18, kumuuza kuti adikire zaka zisanu ndi chimodzi kuli ngati kumuuza kuti aiwale. Ndikudziwanso kuti pali maphunziro amene kwanu kulibe, ndi mayunivesite amene malo ake ndi ochepa moti wokhoza bwino amatsala. Oterowo ayesere njira zina zija ndi mtima wonse. Koma amene wapeza malo kwawo asawataye podikira yankho lakunja. Alembetse, ayambe, azifunsira kunjako ali m'kalasi. Akasankhidwa, chabwino. Akapanda kusankhidwa, zaka zikuyenda akukwera, ndipo magiredi a digiri imeneyo ndi amene adzamutsegulire Chevening kapena DAAD. Choti adziwe wa banja n'chakuti kuyambira mu Januwale 2024 Britain siloleza ophunzira ambiri a masitazi kutenga mkazi, mwamuna kapena ana, kupatula ochita kafukufuku ndi olipiriridwa ndi boma.

Pali tinthu tina timene timafunika njira iliyonse. Mayeso a Chingerezi, IELTS kapena TOEFL, amagwira ntchito zaka ziwiri zokha, choncho musathamangire kulemba. Pa IELTS sukulu zambiri zimafuna pakati pa 6.0 ndi 7.0. Zina zimalandira Duolingo English Test, yotchipirako, yolembera pa kompyuta kunyumba, ndipo zina zimakukhululukirani mayesowa ngati munaphunzira m'Chingerezi, koma zimenezi muzifunse kwa yunivesite ndi ku ofesi ya viza padera, poti sizigwirizana nthawi zonse. Aphunzitsi okulemberani umboni auzeni pakadali miyezi iwiri, ndipo apatseni pepala la zimene munachita kuti asalembe mawu awiri okha oti ndinu wakhalidwe labwino. Pasipoti pangani msanga.

Mtsikana uja tinakhala naye masana onse tikudula mayina m'kope muja. Ku Britain kunachoka konse, poti kunalibe wolipira ndipo satifiketi yake inkafuna chaka chowonjezera. Ku America tinasiyako sukulu zinayi, imodzi yokha yotchuka, zitatu zing'onozing'ono zodziwika ndi kuthandiza alendo. Tinawonjezera masikolashipu awiri a boma, ndipo anavomera kulembetsanso pa yunivesite ya kwawo, ngakhale anavomera nkhope ili yakugwa. Tikulongedza mapepala, ndinaika satifiketi yake pambali pa chitupa chake chobadwira ndipo ndinaona kuti dzina la bambo ake linalembedwa mosiyana, pena ndi "l" pena ndi "r". Kusiyana kwa chilembo chimodzi koteroko kumaimitsa fomu ku uni-assist kapena ku ofesi ya kazembe kwa milungu yambiri. M'mawa mwake, asanalembe ngakhale chiganizo chimodzi cha chimangirizo chija, anapita kukalumbira kwa loya kuti mayina awiriwo ndi a munthu mmodzi.